Mng'ono Wanga ndi Udzudzu wa Apulofesa

Mng'ono wanga anabadwa pa 3 Malichi 1949, ndipo udzudzu unayamba kumukonda asanamere n'komwe mano. M'nyumba yogona anthu asanu ndi awiri, iye yekha ndiye ankadzuka atatupa zikope. Amayi ankati mwanayu ali ndi magazi okoma. Palibe anaganiza kuti magazi omwewo ndiwo adzamupezere banja.

Sukulu sanapite nayo patali. Ine nditapita kukaphunzira uphunzitsi, iye analowa ntchito pa shopu ya telala wina pafupi ndi positi. Anayamba ndi kusokerera mabatani ndi kupinda mipendero, kenako anaphunzira kudula, ndipo pofika zaka makumi awiri anali atapatsidwa makina akeake pafupi ndi zenera.

Pa 11 Febuluwale 1971 m'shopumo munalowa mnyamata wamtali, wowonda, wa magalasi okhuthala, atanyamula timabokosi tinayi ta mawaya. Ankafuna kuti timabokosito tikutidwe ndi neti, ndipo mbali imodzi pasokedwe ngati dzanja la malaya, polowetsera mkono. Mwini shopu anafunsa ngati ndi za mbalame. Mnyamatayo anati ayi, ndi za udzudzu, amauweta ku yunivesite. Mwini shopu anamupatsa mpando wa pafupi ndi khomo, kuti misala ikakula asavute kumutulutsa.

Mnyamata ameneyo ndiye amene dziko linadzamudziwa kuti Apulofesa, a pa wayilesi aja, amene nkhope yawo ili m'buku la sayansi la ana a sekondale. Koma nthawi imeneyo anali asanakhale kanthu. Nsapato zawo zinkamwa madzi.

Anabwera kudzatenga katundu wawo madzulo, shopu ikutsekedwa. Atsikana anayi osoka anali pakhonde kudikira kuti mvula ikate. Udzudzu unasiya atatuwo n'kuunjikana pa akakolo a mng'ono wanga. Mnyamata uja anaima chilili, maso ali pa miyendo yake, mpaka anzake anayamba kutsinana. Tsiku lotsatira anabweranso, opanda chosoketsa, n'kumufunsa ngati wakhala choncho kuyambira kale.

"Akazi ngati inu ndi osowa," anatero.

Mng'ono wanga ananyamula mawu amenewo ngati mazira mpaka kunyumba. Ndinamufunsa ngati munthuyo anamufunsako dzina. Anati ayi, koma anthu ophunzira sathamangira zinthu. Dzina anadzalifunsa ulendo wachitatu.

Ukwati unachitika pa 5 Ogasiti 1972. Mkwati anafika kutchalitchi mochedwa chifukwa mazira a udzudzu anali kuswa m'mawa womwewo, ndipo kumadyerero anachokako anthu asanayambe kuvina. Mng'ono wanga anauza alendo kuti amuna ake ali ndi ntchito yopulumutsa dziko ku malungo. Alendo anagwedeza mitu n'kupitiriza kudya.

Nyumba imene yunivesite inawapatsa inali ya zipinda zitatu. China chinali chawo, china cha mabuku, chachitatu, chimene chinali chachikulu komanso chopanda ming'alu, chinali cha udzudzu. Alamu angawo sankakhulupirira alonda a kuntchito kwawo, amene ankati akaona udzudzu amangouphwanya osafunsa kuti ndi wa yani. M'chipindamo mazenera sankatsekulidwa. Munali mabeseni a madzi odzaza mphutsi, matawulo onyowa pa chingwe, thonje loviika m'madzi a shuga, ndi fungo la sokosi zosauma. Nyumba yonse inkayendera malamulo a chipinda chimenecho. Mafuta onunkhira anali oletsedwa, sopo wonunkhira chimodzimodzi, ndipo mlendo wina amene anawomba m'manja kupha kaudzudzu kothawa sanaitanidwenso.

Madzi a shuga amasunga udzudzu ndi moyo, koma kuti uikire mazira umafuna magazi. Apa ndipo panali ntchito ya mng'ono wanga. Kawiri pa sabata alamu anga ankayamwa udzudzu ndi kapaipi n'kuuika m'kapu yapepala yotsekedwa ndi neti kukamwa. Kapuyo ankaivundikira pa mkono wa mkazi wawo, mkati mwake mofewamo, mpaka tizilombo tonse titakhuta. Akachotsa, pankatsala chizindikiro chozungulira bwinobwino, chofanana ndi kukamwa kwa kapu, chodzaza timatuza tofiira. Chakale chisanazimirire ankaikapo china.

Nditaona mkonowo koyamba ndinakalipa. Iye anandiuza kuti ndisalowerere. Anati nthawi yodyetsa ndi yokhayo imene amuna ake amakhala pansi osagwira buku, atamugwira dzanja mofatsa, akulankhula mawu otsika okoma. Ndinadzamva ndekha mawu okomawo tsiku lina ndili pakhomo la chipindacho. Ankati, "Idyani, atsikana anga, musathamange, chakudya chilipo chambiri."

Atsikana, chifukwa udzudzu umene umaluma ndi waukazi wokha. Ndinauza mng'ono wanga kuti ndiye kuti anakwatiwa pa mitala, akazi anzake zikwi zitatu, onse odyera pa iye. Anaseka mpaka misozi. Masiku amenewo ankasekabe.

Mwana wawo wamkazi anabadwa pa 19 Juni 1975. Bambo wake anafika kuchipatala, anamuyang'ana mwanayo, anati ali bwino, kenako anafunsa namwino kuti mayiyu angayambirenso liti ntchito ya kunyumba. Namwino anaganiza kuti akunena zochapa. Mwanayo atakula pang'ono zinaoneka kuti udzudzu ulibe naye chidwi, ndipo bambo wake anati watengera kuchimuna, n'kubwerera ku mabuku awo.

Kutchuka kunabwera. Alamu anga anayamba kukwera ndege, kulankhula pa wayilesi, kuvala masuti osokedwa ndi mkazi wawo. M'zolemba zawo zonse ankathokoza munthu wina wodzipereka amene ankangomutchula kuti A. Mng'ono wanga ankabwera nazo kwa ine kuti ndimuwerengere Chingerezicho, ndipo ndikafika pamenepo ankakhala tsonga. Ankati A ndi chilembo choyamba. Ine amene ndinaphunzitsa ana zilembo zaka zambiri ndinkadziwa chimene chimabwera pambuyo pa A, koma ndinkangopinda pepalalo n'kumubwezera.

Pofika 1986 mwini shopu uja anali atapuma, ndipo shopu inali ya mng'ono wanga. Chaka chimenecho kunalengezedwa kuti Apulofesa alandira mendulo pa mwambo waukulu mu holo ya yunivesite. Pa 3 Novembala m'shopu munalowa mayi wina wosalala, woyang'anira laibulale ya ku yunivesiteko, ali ndi nsalu yobiriwira yowala. Ankafuna diresi ya pa mwambowo, ya manja aatali, ngakhale kunja kunali kutentha kosungunula phula. Mng'ono wanga anafunsa amene anamulondolera. Mayiyo anati ndi Apulofesa a udzudzu aja, akuti ndiye telala yekha amene amamudziwa. Alamu anga anali otero. Sanaganize zoipa, sanaganize zabwino, anangoyankha funso limene anafunsidwa. Zoti telalayo ndi mkazi wawo sanazitchule chifukwa palibe anawafunsa.

Poyeza manja a diresi, mng'ono wanga anapempha mayiyo kuti avule jekete. Pa mkono wamanzere, mkati mofewamo, panali chizindikiro chozungulira chodzaza timatuza tofiira. Mng'ono wanga, mapini ali pakamwa, anaikapo tepi n'kuchiyeza, ngati kuti nachonso chikufunika pa diresi. Kenako anafunsa kuti chimenechi n'chiyani.

"Ndimathandizako sayansi," anatero mayiyo, akuyang'ana pansi ndi kamanyazi ka mkwatibwi.

Madzulo ake pa tebulo mng'ono wanga anafunsa amuna ake. Sanakane. Anaika supuni pansi, nkhope itawala, pokondwa kuti mkazi wawo wayamba kuchita chidwi ndi kagwiridwe ka ntchito.

"Mayi, mu sayansi munthu mmodzi si umboni," anatero. "Kuti ndidziwe kuti inu ndinu wabwino, pamafunika wina wokufanizirani naye. Ndipo musadandaule. Pa zonse ziwiri inu ndinu muli patsogolo."

"Ziwiri ziti, bambo?"

Apa m'pamene munthu wa mendulo anazindikira kuti wapitirira malire a funso. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsalu ya pa tebulo.

Mng'ono wanga sanaswe mbale. Anasoka diresi ija ndi luso lake lonse, n'kuichedwetsa mpaka masana a tsiku la mwambo, pa 21 Novembala. Inamukhala mayi wa laibulale ngati anabadwa nayo, koma inalibe manja ngakhale pang'ono. Uthenga unali wakuti nsalu inaperewera. Nthawi yofunira china inali itatha, ndipo diresiyo inali yokongola kwambiri moti mkazi sakanaisiya m'kabati.

Mu holo tinakhala kutsogolo, mzere wa alendo a Apulofesa, ine pakati. Kumanja kwanga kunali mayi wa laibulale, akuyesa kubisa mkono ndi kachikwama. Kumanzere kunali mng'ono wanga, nayenso mu diresi yopanda manja, mkono uli poyera pa chotsamira cha mpando, ndipo m'chiuno atamanga lamba wa nsalu yobiriwira yowala. Mayi uja anayang'ana lamba, anayang'ana mkono, anamva mtsogoleri wa mwambo akuti tiwaombere m'manja mayi a kunyumba a Apulofesa, n'kuona telala wake akuimirira. Anakhala phee ngati wameza batani.

Mng'ono wanga akanapambana tsiku limenelo Apulofesa akanangolandira mendulo yawo n'kukhala pansi. Koma anayenera kulankhula, ndipo magetsi anazimitsidwa kuti aonetse zithunzi pa khoma. Anati ntchito yonseyi sikanatheka popanda munthu wina wodzipereka, ndipo pa khoma panaoneka mkono waukulu ngati chitseko, uli ndi chizindikiro chozungulira chija. Unali mkono wowonda, wa zikhadabo zopaka utoto, wovala wotchi yagolide. Akazi awiri a m'mbali mwanga anaweramira pa manja awo nthawi imodzi. Panalibe wa wotchi. Wotchiyo inali kumbuyo kwa holo, pa dzanja la dokotala wachitsikana amene ankasintha zithunzizo. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

M'mawa mwake mng'ono wanga anafika kwathu ndi mwana, sutikesi ndi makina osokera a kunyumba. Patatha sabata alamu anga anabwera kudzapepesa. Anaima pakhomo atavala suti, m'manja muli kabokosi kofunditsidwa tawulo yonyowa. Anati akupepesa kwambiri, ndipo atsikana sanadye chichokereni iye, poti a ku laibulale nawonso akwiya ndipo adokotala ali ku msonkhano. Mng'ono wanga anatseka chitseko. Atakhala pansi anandiuza mawu amene anakhala nawo moyo wake wonse. Anati tsiku limene bambo a mwanayu adzabwere okha, chimanjamanja, kudzafuna iyeyo osati mkono wake, iye adzabwerera kwa iwo osafunsa funso.

Za chikondi cha Apulofesa kuyambira pamenepo tauni yonse ikuzidziwa. Mayi wa laibulale anawakhululukira, ndipo anakwatirana pa 9 Epulo 1988. Patatha zaka ziwiri thupi la mayiyo linayamba kuukana udzudzu, mkono unatupa ngati mtondo, anagonekedwa m'chipatala. Amuna ake anabwera kudzamuona atatenga rula yoyezera chotupacho. Atatuluka m'chipatala anapita kwawo. Kenako Apulofesa anakwatira dokotala wa wotchi uja, amene ntchito ya udzudzu ankaidziwa kuposa iwo. Banja litatha mu 1999, mayiyo anauza khoti kuti nyumba ndi galimoto alibe nazo ntchito, angomugawira theka la udzudzu. Amene analipo akuti Apulofesa, amene sanalire pa maliro a amayi awo, analira mokweza pogawa mabokosi. Mayiyo anapita nawo kunja, ndipo masiku ano amene amatuluka m'nyuzipepala ndi iyeyo.

Pambuyo pake panabwera muulutsi wa pa wayilesi, panabwera mayi wamasiye wogulitsa mankhwala, ndi ena amene sindinawawerenge. Amayi a mu msika anazolowera kuyang'ana mikono ya anzawo, ndipo mkazi akavala manja aatali m'nyengo yotentha ankafunsidwa ngati wayamba kuthandiza sayansi. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi wathuyu akagwa ankagwera pa mendulo ina.

Mng'ono wanga ankasoka. Anasoka madiresi a ukwati a theka la tauni, anaphunzitsa mwana mpaka anakhala namwino, anagula nyumba yake. Bambo wina wamasiye wa shopu ya zitsulo yoyandikana nayo anamufunsira kawiri, mu 1990 ndi mu 1996. Anali munthu wofatsa, anamukonzera denga, anamusinthira maloko osauzidwa. Mng'ono wanga anamukana kawiri konse, ndipo atatopa n'kukwatira wina, diresi ya mkwatibwi anasoka ndi iye yemwe. Apulofesa akayamba kulankhula pa wayilesi ankaimitsa makina pakati pa msoko. Ndikamunena ankati, "Achemwali, inu munakwatiwa ndi munthu wamba, simungazimvetse."

Mu 2013 mwana wawo uja anandiuza za bambo ake. Anali atapuma pa ntchito. Yunivesite inali itagula makina odyetsera udzudzu magazi a nyama, ndipo achinyamata a kumeneko ankafuna kutaya udzudzu wakale wa Apulofesa, umene mzere wake unayambira m'timabokosi tinayi tija. Iwo anautengera kunyumba n'kumaudyetsa pa mkono wawo. Tsopano anali atapezeka ndi matenda a shuga, zilonda sizinkapola, ndipo dokotala anawaletsa. Akazi onse anali atatha. Ndinakamuuza mng'ono wanga zonsezi. Anati anthu amakonda kunena.

Pa 16 Okutobala chaka chomwecho ndinali m'shopu, poti chipumireni pa ntchito masana ndimakhala kumeneko. Chitseko chinatseguka ndipo analowa alamu anga, atawerama, tsitsi lonse mbuu, akuyendera ndodo. Mng'ono wanga anayang'ana dzanja lamanja, munali ndodo. Anayang'ana lamanzere, munalibe kanthu. Anasuzumira kumbuyo kwawo, kunalibe munthu.

Analankhula bwino, ndisawanamizire. Anati akalamba, nyumba yawakulira, anamulakwira kwambiri, ndipo atayenda monse anayendamo apeza kuti wofanana naye palibe. Anati akufuna kuti masiku otsalawa akhale ndi mayi wa mwana wawo. Mng'ono wanga anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala podula. Ine ndinatsokomola mpaka kukhosi kunawawa, koma palibe ananditembenukira. Anagwirizana kuti Loweruka likubweralo galimoto idzamutenge ndi katundu wake.

Nthawi yomweyo chitseko chinatsegukanso. Analowa dalaivala wa takisi, thukuta lili kamukamu, atanyamula bokosi lofunditsidwa tawulo.

"Bwana, munati simuchedwa," anatero. "M'galimoto mwatentha ngati mu uvuni. Tianthu tanuti tayamba kugwa chagada."

Munthu amene analowa akukwawa ndi ndodo anadumpha pa mpando, ndodo n'kugwera uko. Analanda bokosilo, analiika pa tebulo lodulira, pamwamba pa nsalu ya kasitomala, anavundukula tawulo n'kuyamba kupemerera ndi chipewa. Atatsimikiza kuti ambiri ali moyo m'pamene anakumbukira kuti m'chipindamo muli anthu. Anati sanafune kuwasiya okha kunyumba, basi. Kenako anati, komabe poti afika kale, ndipo papita masiku asanalawe kanthu.

Mng'ono wanga anamasula batani la dzanja la bulauzi n'kupinda mpaka m'chigongono. Ndinafuna kumumenya ndi rula yodulira. Alamu anga anatulutsa kapaipi ndi kapu m'thumba la jekete, momwe zinali nthawi yonse ya chikondi ija, anayamwa udzudzu, anavundikira kapuyo pa mkono, n'kumugwira dzanja mofatsa. Iye anatsinzina.

Tinadikira. Dalaivala anakhala pa mulu wa nsalu. Udzudzu wonse unathawira kumapeto kwa kapu, kutali ndi khungu, n'kukhala pamenepo ngati ana okana phala. Apulofesa anagogoda kapuyo ndi chala. Anainyengerera. Anaisunthira pena. Pomaliza anaichotsa, anaweramitsa mphuno pa mkono wa mkazi amene anabwera kudzamufunsira, n'kununkhiza.

"Mayi, mumapaka chiyani?"

Anawauza kuti ndi mankhwala a nyamakazi, m'mawa ndi madzulo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Anafunsa ngati angasiye. Iye anati akasiya zala sizipindika, sangagwire sizasi ngakhale supuni. Anafunsa ngati angasiye kwa mwezi umodzi wokha. Iye anati ngakhale masiku awiri.

Apulofesa anasiya dzanja lija pang'onopang'ono, n'kuliika pa tebulo ngati chinthu chobwereka. Anayamba kunena kuti mwina Loweruka n'kufulumira kwambiri. Nyumba ikufunika penti, madzi akuvuta, ndipo pa msinkhu wathu uno munthu safunika kusamuka mwaphuma. Akulankhula choncho maso awo ankayendayenda m'shopumo, anadutsa pa dalaivala, amene anabisa manja m'khwapa, n'kudzaima pa ine.

"Nanga inu, alamu, mumapakako kalikonse?"

Ndisanayankhe, mng'ono wanga anatsitsa dzanja la bulauzi n'kumanga batani. Sanakweze mawu. Anauza dalaivala kuti anyamule bokosilo azipita nalo ku galimoto, asavutike kuitana, eni ake amutsatira okha. Dalaivala ananyamula. Apulofesa anatola ndodo yawo n'kumutsatira, dzanja lina litagwira nsonga ya tawulo kuti dzuwa lisalowe. Pakhomo sanacheuke, poti panali sitepe ndipo ankachenjeza dalaivala kuti asagwedeze.

Mng'ono wanga anabwerera pa makina. Anandichenjeza kuti ndikangotsegula pakamwa andibaya singano. Kenako anandipatsa ulusi kuti ndimulowetsere, akuti m'maso mwake mwalowa fumbi la nsalu. Nditamulowetsera anatsegula kabati, anatulutsa kabotolo ka mankhwala a nyamakazi, anakayang'ana uku ndi uku.

"Achemwali," anatero, "kabotolo kakang'ono ngati aka. Ndikanadziwa ndikanayamba kupaka tsiku la ukwati."